Gawo la Mphuno

Pa msewu wotsika kuchokera paphiri la Zomba, mukangodutsa damu la Mulunguzi, pali pokhota pamene galimoto iliyonse imachepetsa liwiro, ifune isafune. Pamenepo ndiye pamsika wa amayi a bowa. Dzinja likafika amandandalika m'mbali mwa msewu ndi malichero awo, kudikira aphunzitsi a kuyunivesite ndi mabwana a m'maofesi okwera phiri kukapitidwa mphepo. Ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri, panalibe dengu limene linkafika pokhota paja lisanadutse pamphuno pa a Modester.

Lamulo limeneli silinachokere ku boma ayi, linabadwa ndi maliro. Chaka china kalekale banja lina la ku Masongola linagula bowa wa ndelema pamenepo, ndipo sabata isanathe mabokosi atatu anatuluka m'nyumba imodzi. M'licheromo munali mutalowa chilombo, bowa wakupha uja wofanana ndi ndelema ngati mwana ndi amake. Maso amanamizika nacho, zala nazonso zimanamizika. Koma a Modester, amene nthawi imeneyo anali ndi mwana kumbuyo, anatenga zotsala za m'lichero lija, nanunkhiza mutu umodziumodzi, n'kupatula isanu. "Iyi ikununkha uchi wosasa," anatero. "Ndelema imanunkhira ufa wongochoka kuchigayo." Kuyambira tsiku limenelo amayi onse anapangana kuti bowa usanapite kumsewu uzidzera kaye pakhonde pa a Modester, ndipo pa dengu lililonse iwo azitolapo mitu iwiri. Mitu iwiri imeneyo ankaitcha gawo la mphuno.

Munthu wake sanali wophweka, tisanamizane. Pakamwa panali lumo. Mtsikana akabwera ndi bowa wamphutsi ankamufunsa ngati maso akewo Mulungu anamupatsa ongokongoletsera nkhope. Koma chaka ndi chaka palibe wogula anadwalapo ngakhale m'mimba, ndipo zimenezo iwo ankazidziwa bwino, ankayenda nazo khosi lili njo. Amuna awo a Stephano, amene ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini, anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana wawo Thom anali kutawuni ndi banja lake. Munda unali wa dzina chabe. M'kanyumba kawo ka m'mphepete mwa nkhalango, chimene chinkawadzutsa m'mawa kuti asese pakhonde chinali madengu aja basi.

Ndiye mu Okutobala, mvula isanayambe, njinga ya nkhuni inaduka mabuleki. Mumazidziwa njinga zija, zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Inawapeza a Modester akuwoloka msewu ndi chidebe kumutu, n'kuwagwetsa chagada, nkhongo pa tala, phi! Anagona kuchipatala masiku anayi. Bala linapola, chizungulire chinatha, anthu anayamika Mulungu. Koma atabwerera kunyumba anadabwa kuti phala silikumveka mkamwa, ngati akutafuna pepala. Anathira mchere m'ndiwo kawiri. Tsiku lachitatu anakoka sutikesi ya pansi pa bedi, natulutsa jekete la a Stephano, limene zaka zonsezi linkasungabe fungo la utomoni wa paini, fodya ndi thukuta la mwamuna wawo. Anakwirira nkhope m'menemo, nakoka mpweya mpaka chifuwa kupweteka. Zii. Inali nsalu chabe. Tsiku limenelo analira kuposa mmene analirira pamaliro, ndipo jekete lija analibwezera m'sutikesi lili chinyowere ndi misozi.

Atapita kukachotsa ulusi wa pabala, anadikira kuti namwino atuluke, kenako anatsitsa mawu. Dokotala wake anali a Chifuniro, bambo wochepa thupi wa magalasi, wosapupuluma polankhula.

"Adokotala, mphuno yangayi yatsekeka. Mundipatseko mankhwala odontheza aja."

A Chifuniro anawaunika m'mphuno ndi katochi. Kenako anawauza kuti atsinzine, n'kuwayandikizira sopo, ufa wa khofi, thonje la sipiriti. Pa sipiriti pokha a Modester anamva kulasa, koma fungo ayi.

"Mphuno yanu ilibe vuto, amayi," anatero a Chifuniro. "Mphuno ndi khomo chabe. Wakumva fungo ali mkati umu." Anagogoda pachipumi pawo ndi cholembera, natenga pepala n'kujambula. Anati pamwamba pa mphuno, mkati, pali fupa la tizibowo ngati sefa, ndipo m'tizibowomo mumadutsa timitsempha topyapyala kuposa ulusi, tonyamula uthenga kupita ku ubongo. Munthu akamenyetsa nkhongo, ubongo umakhuvuka m'chigaza ngati madzi m'chidebe, ndipo timitsempha tija timaduka. Fungo limafika ndithu pakhomo, limagogoda, koma wokamuuza mwini nyumba palibe.

"Ndiye mulumikizetu."

"Sitingathe, amayi. Tina timaphukanso tokha pakapita miyezi. Tina ayi."

"Nanga nthawi zina ndimamva matayala akupsa, chonsecho kulibe moto?"

"Umenewo ndi ubongo ukudzipangira wokha. Ukakhala nthawi yaitali osalandira uthenga, umayamba kupeka. Musaukhulupirire." Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Muwauze akunyumba ndi oyandikana nawo. Chakudya chikasasa simudziwa, nyumba ikamapsa simudziwa. Pakhale wina wokununkhizirani. Kodi mumagwira ntchito yanji, amayi?"

"Ndimalima," anatero a Modester.

Mvula inagwa mu Disembala, bowa unamera, madengu anayamba kubwera. A Modester anali atapangana ndi mtima wawo kuti anena tsiku loyamba lomwelo, zithe. Koma woyamba kufika anali a Selina, mnzawo wa msinkhu umodzi, amene anayamba naye limodzi kuzula bowa onse ali atsikana. A Selina anatula dengu, nawomba m'manja kuti, "Mphuno yathu yachira, Mulungu ngwabwino!" Zoulula zija zinathera pomwepo. Manja a a Modester anangotola mutu wa bowa okha, kuutembenuza, kuufikitsa kumphuno, maso kutsinzina monga zaka zonse. Thupi linkaikumbukira ntchito yonse, mpaka kakugwedeza mutu ka pamapeto. "Uli bwino, pitani," anatero. A Selina atapita, a Modester anakhala nthawi yaitali akuyang'ana zala zawo.

Tsiku lachiwiri kunena kunavuta kuposa loyamba, lachitatu kuposa lachiwiri. Akanena, atsala ndani? Mayi wina wamasiye wa m'mphepete mwa paini, amene anthu amamupatsa moni akudutsa osaima. Anayamba kugwiritsa ntchito maso ndi zikhadabo, kukanda chipewa cha bowa, kuyang'anitsitsa tsinde. Bowa wa manyame ndi wa utale sunawavute, umenewo ngakhale mwana amaudziwa. Mantha onse anali pa ndelema. Iliyonse yowakayikitsa ankaikana ndi ukali, ndipo ukali unkakula pamene mantha ankakula. Usiku tulo tinkabwera mochedwa, chakudya chinkatsala m'mbale, chitenje chinayamba kuzungulira chiuno kawiri.

Masana ena ankalowa m'nkhalango okha n'kukhala pachitsa kuonerera anyani. Nyani wamkulu ankazula bowa, kuununkhiza kamodzi kokha, n'kuuponya kumbali osauyang'ananso, kenako kuzula wina n'kuponya mkamwa. Sankaganiza n'komwe. Uthenga unkangoyenda wokha kuchokera kumphuno kukafika kudzanja. A Modester ankamuchitira nsanje, abale, mayi wamkulu wa mvano kuchitira nsanje nyani! Ankabwerera kunyumba mtima uli bii, akutukwana njinga, mwini wake ndi amene anamugulitsa mabuleki.

Tsiku lina ali pakhonde ndi amayi atatu ndi madengu awo, nyemba zinapserera m'khitchini, kumbuyo kwawo kwenikweniko. Iwo anazindikira ataona utsi ukudutsa paphewa. Anadzuka kukaphula, akudandaula mokweza kuti macheza awaiwalitsa mphika. Pobwerera anapeza amayi aja aweramira m'madengu awo, wina akumanga bwino mpango, a Selina akuchotsa kanthu kuchala cha kuphazi. Palibe ananenapo kanthu, ndipo a Modester mtima unakhala pansi kuti sanazindikire.

Januwale ali pakati, Lachinayi m'mawa, chifunga chili mbuu mpaka mitengo osaoneka, kunabwera Fyness. Anali mtsikana wa ku Songani wokwatiwa kumene kuphiriko, wamanyazi, wolankhula ngati akupepesa, ndipo chaka chimenecho chinali chake choyamba pa bowa. Anagwada, natula dengu lodzaza mitu yoyera, yonenepa, yosatambasuka bwino.

"Wazula kuti?" anafunsa a Modester.

"Kuseri kwa damu, amayi. M'mapaini."

"M'mapaini! Ndelema kwawo n'kumasuku ndi kumiombo, iwe ukaipeze m'mapaini? Inakuuza kuti yasamuka?"

"Kumasuku kuja anthu a makala anadula, amayi. Kwatsala zitsa zokhazokha. Ndiye ndinangolowa cham'kati pang'ono."

Zinali zoona. Chithereni mitengo, bowa unkamera malo osokonekera, ndipo iwo eni chaka chatha anazulapo ndelema yeniyeni m'mphepete mwa paini, pamene zitsa za masuku zinkaphukira. Anatola mutu umodzi. Chipewa chinali choyera, mwina chobiriwira pang'ono pakati, kapena chinali chifunga chikunamiza maso. Anatembenuza kuti aone kunsi kwa tsinde, koma mtsikanayo anali atadula ndi mpeni, kunsi konse kunatsala m'nthaka. Anaufikitsa kumphuno natsinzina. Kunalibe kanthu. Anakokanso mpweya mwamphamvu, ndipo kunabwera fungo la matayala akupsa, bodza la ubongo lija.

Thukuta linawatuluka m'chizizira chonsecho. Akalikana dengulo, likakhala kuti ndi ndelema yeniyeni, a Selina akaliona kudzala, akanunkhiza, basi chinsinsi chaululika, poti sabata yomweyo anali atamukanira kale Fyness madengu awiri. Akalilola, likakhala kuti ndi chilombo, ndiye kuti mabokosi atulukanso m'nyumba ya munthu, ndipo owatumiza ndi iwo.

"Usapite nalo kumsewu pakali pano," anatero. "Bowa wa m'mapaini fungo lake limabisala m'mawa. Kaliike pamthunzi, ubwere dzuwa likapendeka ndidzakuuze." Limenelo linali bodza la pomwepo, koma ananena ndi nkhope ya munthu amene sanalakwitsepo. Anatola mitu iwiri, gawo lawo la masiku onse, ndipo Fyness anasenza dengu napita.

Anakhala nayo pamiyendo mitu iwiri ija mpaka chifunga chinayamba kukwera. Kenako ganizo linabwera, ndipo linawaoneka lanzeru zedi. Mphuno yafa, inde, koma mimba ilipo. Pa moyo wawo anaonapo anthu odya bowa woipa, ndipo onse ankayamba kusanza mbale zisanatsukidwe. Za banja la ku Masongola ankangodziwa mabokosi. Kuti matenda anawayamba patapita nthawi yaitali bwanji, palibe anawauzapo, nawonso sanafunsepo. Ndidye ine, anatero mumtima. Ngati ndi chilombo ndisanza ndekha kuseri kwa nyumba, ndimuuza mwanayo akataye, palibe adziwe. Mitu iwiri yokha singaphe munthu wamkulu.

Cha m'ma teni anaiduladula, naiphika m'kapoto kakang'ono ndi mchere ndi tomato mmodzi. Anadya yonse, ngati akumwa mankhwala, namwera msuzi womwe kuti mayeso akhale enieni. Kenako anakhala pakhonde kudikira mimba kuti ilankhule. Malole a matabwa ankatsika phiri akulira. Dzuwa linafika pamutu, mimba ili phee. Linapendeka, mimba ili phee. Anadzuka, anayendayenda pabwalo, anawerama, anadzitosa pamchombo ndi chala. Palibe. Kwa nthawi yoyamba chigwereni pamsewu paja, a Modester anaseka okha. Anali atapeza mphuno ina.

Cha m'ma fili Fyness anabwera, wopanda dengu, atanyamula kambale ka manyame.

"Ndi ndelema yeniyeni," anatero a Modester asanamulonjere n'komwe. "Kagulitse, usachedwe, magalimoto akutsika tsopano."

Mtsikanayo sanasangalale. Anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. "Zikomo amayi. Koma mitu iwiri ija. Ndimati ndikusinthireni ndi manyame awa. Ndi okoma kuposa."

"Gawo la mphuno amasintha? Unamva kuti zimenezo, ku Songani?"

"Ayi amayi, ndimangoti... kapena mwaphika kale?"

Funso limenelo linawalasa. Munthu wodziwa bowa ndi mphuno athamangirenji kuphika m'mawa, asanapereke n'komwe yankho? Mwanayu wamanyazi ndithu, koma si wopusa. "Ndaifutsa," anatero. "Ili pansanja m'khitchinimo ikuuma ndi utsi. Ndidzadya mvula ikatha."

Fyness anatulutsa mpweya wautali ngati watula mtolo. Anatsegula pakamwa kuti anenenso china, koma maso ake atakumana ndi a a Modester anatseka. Anasiya manyame aja pakhonde, natsanzika, napita akucheukacheuka. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo masana amenewo pakhonde paja anthu awiri anasiyana aliyense atameza mawu ake. A Modester anangopukusa mutu kuti ana a masiku ano sadziwika chimene akufuna.

Usiku mimba ija inalankhula, ndipo kunja kukuyera anali atapita kuchimbudzi kosawerengeka. Anasanza mpaka kutuluka ndulu yokha, m'mimba mukupota ngati wina akufinya chovala. Miyendo inkakokana. Koma ululu umenewo sunali kanthu poyerekeza ndi dengu lija. Ankaliona likugawidwa m'timapepala, likulowa m'magalimoto, likutsika ku Masongola, kuyunivesite, m'nyumba za ana amene amanyambita mbale. Anawauza ndi iwo kuti kagulitse, usachedwe. Tsopano panalibenso zobisa. Apite kwa Fyness ngakhale mokwawa, anene zonse, anthu athamange khomo ndi khomo.

Anatenga ndodo, natuluka akuzandima. Ali pakati pa bwalo anamva kukhwekhwereza m'khitchini. Anakankha chitseko. Fyness anali ataimirira pa mtondo wovundikira, mutu uli m'denga, akupapasa pansanja, nkhope yonse mwaye. Pansi a Selina anali atagwira mtondowo kuti usagwe. Onse awiri anauma pomwepo ngati akuba nkhuku.

A Modester analibe mphamvu yofunsa chimene akufuna m'khitchini mwa eni. Anatsamira pachitseko. "Dengu lija," anatero, mawu akutuluka mokhwepa. "Wagulitsa kwa ndani? Thamanga, mwanawe. Ndi chilombo. A Selina, itanani anthu. Ine sindimva fungo. Chigwereni changa chija sindinamvepo fungo la chinthu chilichonse. Ndakhala ndikukunamizani nonse."

Anayembekezera mfuu. 

"Tikudziwa, anzanga," anatero a Selina motsitsa.

"Mukudziwa chiyani?"

"Tsiku la nyemba lija. Zinanunkha mpaka kumsewu, inu muli phee, mukununkhiza bowa wanga. Madzulo ake tinakhala pansi tonse. Tinati mayi ameneyu watisunga zaka zonsezi, lero timuvule nsalu pagulu? Ndani anene? Palibe anafuna. Ndiye tinangopangana kuti madengu azibwerabe kuno monga kale, mutenge gawo lanu, akachoka pano azidzera kwanga kuseri kwa thanki ya madzi. Mphuno yanga siyofika pa yanu, koma munandiphunzitsa ndinu." A Selina anapukuta m'maso ndi mkono. "La Fynessli ndinangovundukula, uchi wosasa uja kuti guu. Tinakalikwirira dzulo lomwelo m'mawa. Palibe wagula ngakhale mutu umodzi."

"Palibe?"

"Palibe, anzanga."

A Modester anatsetsereka pachitseko mpaka kukhala pansi. Chimwemwe ndi manyazi zinawagwira pamodzi, osadziwa cholirira. Mwezi wathunthu akutsinzina, akugwedeza mutu, akukalipira ana a eni, ndipo onse aja ankagwada n'kunena zikomo akudziwa. Koma ana a ku Masongola adzuka bwino lero. Zimenezo anazigwira ndi manja awiri.

"Koma amayi," anatero Fyness ali pamtondo pomwepo, "pansanja pano sindikuipeza. Tinati tiichotse inu musanadzuke, tiikepo ina. Mitu iwiri ija mwaisunga pati?"

 Apa m'pamene a Selina anawayang'ana bwinobwino a Modester, milomo youma, maso olowa, chitenje chonyowa. Anatembenuka, naona kapoto kosatsuka pambali pa mafuwa. Anakatola, nakafikitsa kumphuno, ndipo kapoto kanagwa pansi.

"Mayo ine! Modester, mwachitanji?"

Anawanyamula pa chitenje anthu anayi mpaka kumsewu, naimitsa lole ya matabwa. Njira yonse yotsika Fyness ankalira kuti, "Ndinali nawo mawu pakamwa, amayi, ndinali nawo, ndinaopa maso anu." A Selina ankangoti, "Wolakwa ndine, ndinamuletsa ndine." A Modester, mutu uli pamiyendo pa mnzawoyo, anafuna kuwakalipira onse awiri kuti akhale chete, koma mawu okalipira anali atatha.

Kuchipatala anakumananso ndi a Chifuniro, amene anawazindikira nthawi yomweyo. "Mwadya nthawi yanji, amayi?"

"Dzulo, cha m'ma teni."

A Chifuniro anayang'ana wotchi yawo, nawerenga ndi milomo. "Mukanabwera dzulo lomwelo masana..."  Anaitana anamwino, madiripi anapachikidwa, anachita zonse zimene akanatha. Thom, amene anafika akuthamanga ndi yunifomu ya kuntchito, anamukokera pakhonde n'kumuuza kuti bowa umenewu umayamba mwakachetechete, ndipo pamene mimba ikulankhula, poizoni amakhala atafika kale kuchiwindi.

Tsiku lachiwiri kusanza kunaleka. A Modester anakhala tsonga, anamwa phala, mpaka anamudzudzula namwino wina chifukwa cha kayalidwe ka bedi. Amayi a bowa anadzaza wodi, akuimba ndi kuthokoza. A Chifuniro okha ndi amene sanamwetulire. Tsiku lachinayi maso a a Modester anasanduka achikasu ngati m'kati mwa dzira la nkhuku yachikuda, ndipo anayamba kumva kuzizira kosatha. Anamutuma Thom kuti akwere phiri akatenge jekete la bambo ake m'sutikesi.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa likadali pazenera, pabedi panatsala a Selina okha.

"Pokhota paja pali bwanji?" anafunsa a Modester.

"Sitinayalepo chitsikireni chanu."

"Muyale. Mvula sidikira munthu. Gawo la mphuno muzitenga ndinu. Koma pakhonde panu, anthu akuona, osati kuseri kwa thanki ngati mbava."

A Selina anavomera ndi mutu, misozi ikugwera pa chitenje. A Modester anapapasa jekete lija pachifuwa pawo, nalikankhira kwa mnzawoyo.

"Tanunkhizani. Mundiuze ngati a Stephano alimobe."

A Selina anakwirira nkhope m'jeketemo, nakoka mpweya kamodzi, kawiri. Anadzutsa mutu akumwetulira kale, milomo itakonzeka kunena mawu okoma. A Modester anawagwira pamkono.

"Musandinamizenso, a Selina. Zakwana."

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. A Selina ananunkhizanso kukhosi kwa jekete, m'khwapa, m'matumba, kufunafuna paliponse.

"Likununkha chuku, anzanga. Chuku cha m'sutikesi basi."

A Modester anatsinzina, nagwedeza mutu monga ankachitira pa dengu labwino. "Zikomo," anatero. "Ndifunditseni lomwelo."